Khonde la kwaya likugwedera: zolemba za ntchito ya ku Chilomoni

Ndine kalipentala, ndipo khonde la m'mwamba lomwe ndikunena pano ndinalikhoma ndine mu Julayi ndi Ogasiti 2023, m'tchalitchi chathu ku Chilomoni. Cholakwa chomwe muwerenge m'munsimu ndi changa, musavutike kufunafuna wina. Ndalemba chifukwa mipingo yambiri mu Blantyre muno malo anaichepera, ndipo ikuthamangira kuwonjezera makonde am'mwamba monga tinachitira ife.

Khondelo ndi la mamita 9 m'litali. Kuchoka kukhoma lakumbuyo kufika pa mtanda wa konkire wakutsogolo pali mamita 5.2, ndipo mpata umenewu ndinayalapo matabwa 16 a paini a 2 by 8 (mainchi, kutanthauza pafupifupi 50 ndi 200 m'mamilimita), otalikirana masentimita 60, popanda chochirikiza pakati. Ndisanapereke ntchito ndinayesa ndi matumba 40 a mchenga, lililonse makilogalamu 50, kutanthauza matani awiri. Anakhalapo masiku atatu. Pakati panatsika ndi sentimita imodzi ndi theka, titachotsa matumba panabwerera. Ndinauza komiti kuti ngakhale njovu ikhoza kukwera.

3 Sepitembala 2023

Lamulungu loyamba kwaya ya achinyamata kukwera pamwamba, anthu 34. Pa nyimbo za m'buku panalibe vuto lililonse. Zinthu zinatembenuka pa nthawi ya chopereka, mnyamata wa kiyibodi atayika kolasi yothamanga ija amaikonda, onse n'kuyamba kudumpha.

Ine ndinali pansi pake penipeni, pafupi ndi khomo. Choyamba kuona chinali fumbi likutsika pa siling'i, kenako babu likuvina pa waya wake. Nditayang'ana pomwe siling'i yakumana ndi khoma, kampata kanali kutseguka n'kutsekeka ngati pakamwa pa chambo chongovuulidwa kumene. Amayi omwe anakhala mabenchi akumbuyo sanadikire chilengezo, ananyamula ana ndi zitenje n'kusunthira kutsogolo. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja, nyimbo n'kuduka pakati.

Potuluka gogo wina anandigwira mkono. "A kalipentala, mwatikonzera khonde kapena sefa?" Ndinaseka nawo, koma nsima ya masana sinatsike.

9 Sepitembala

Nzeru zanga zoyamba: michirikizo. Ndinagula mapolo anayi a bulugama ku Ndirande, K7,000 iliyonse, ndi K8,000 ya galimoto. Ndinayala thabwa limodzi kunsi kwa khonde pakatikati, n'kuimika mapolo pa simenti, n'kukhomera timatabwa tosongoka kuti athine. Nditakwera ndekha n'kudumpha, panali nga! Ndinaitana anyamata khumi omwe amasewera mpira panja kuti adumphe pamodzi.

Sipanathe mphindi. Polo imodzi inagwa n'kuswa benchi. Ndinali nditaiwala kuti pansi pogwedera sipamangotsika, pamabwereranso m'mwamba kupitirira pomwe panali. Pakakwera, polo imatsala yokha popanda chogwira, timatabwa n'kumasoloka pang'onopang'ono. Pomwe panaima ina, simenti ya pansi inang'aluka ngati chigoba cha dzira, chifukwa ndi yopyapyala, yongoyenera mapazi a anthu. K36,000 yapita, kuonjezera benchi.

16 Sepitembala

Mlembi wa mpingo anabweretsa mdzukulu wake, mtsikana yemwe anaphunzira za uinjiniya ku Polytechnic, komwe tsopano ndi MUBAS. Ndivomere, nditamuona ndi kachikwama kokha ndinati nanga zida zili kuti. Zida zake zinali tepi, foni ndi selotepi.

Anayamba ndi kuyeza matabwa. Omwe ndimati ndi 2 by 8 anapezeka 45 ndi 185 m'mamilimita, ena 180. Akalipentala tonse timadziwa kuti ocheka amadya pang'ono, ndipo timangozitaya. Iye anati kuchepa kumeneku si kwamasewera, chifukwa kulimba kwa thabwa loimika chamm'mbali kumadalira msinkhu wake kuuchulukitsa ndi iwo wokha katatu: kuchoka pa 200 kufika pa 185 ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lapita.

Kenako anamata foni pakati pa khonde n'kutsegula pulogalamu yotchedwa phyphox, yaulere, yopangidwa pa yunivesite ya ku Aachen ku Germany. Anandiuza kuti ndiime ndi zala za kumapazi n'kudzigwetsa ndi zidendene kamodzi. Tinabwereza kasanu, ndipo nambala imabwera yomweyomweyo: khonde langa likagundidwa limagwedera maulendo 4.7 pa sekondi.

"Bambo, kolasi ija imathamanga bwanji?"

Tinaitana wa kiyibodi. Pa makina ake imakhala pa 140 pa mphindi, kutanthauza kudumpha maulendo 2.3 ndi pang'ono pa sekondi. Kuwirikiza kawiri, ndi 4.7.

Anandifotokozera ndi katungwe. Mwana ali pa katungwe sumafunika kumukankha ndi mphamvu, umangofunika kumukankha pa nthawi yake. Ngakhale utamakankha ulendo umodzi n'kudumpha wina, bola nthawi ikugwirizana, apita kutali. Achinyamata athu amatera pa khonde pa ulendo wachiwiri uliwonse, ndendende. Matumba anga a mchenga sakanandiuza zimenezi, chifukwa mchenga sudumpha. Munthu wa makilogalamu 60 akatera kuchokera m'mwamba, pansi pamamva kuwirikiza kawiri kapena katatu kwa kanthawi kochepa, kenako n'kumasuka kotheratu iye ali m'malere.

Nkhani yachiwiri ndiyo inandiwawa kwambiri. Malo osonkhanapo anthu amawerengera makilogalamu 400 mpaka 500 pa sikweya mita iliyonse. Matani anga awiri, pa malo a masikweya mita 47, anali makilogalamu 43 basi. Ndiye kuti ngakhale popanda kuvina, tsiku la ukwati kapena maliro anthu atadzaza pamwamba, matabwa sakanakwanitsa. Khonde tinalitseka tsiku lomwelo ndi thabwa pa masitepe.

23 Sepitembala

Tsiku limeneli sitinagule kanthu kapena kukhoma msomali, koma ndi lomwe ndinaphunzirapo zambiri. Injiniya analola anthu asanu ndi mmodzi okha pamwamba, pansi popanda munthu, ng'oma ikuimbidwa pabwalo kuti tizisintha liwiro momwe tafunira.

Poyamba tinawauza kuti asanyamuke, angopinda maondo motsatira ng'oma monga amachitira amayi pa nyimbo zofatsa. Ndimaganiza kuti zimenezi sizingagwedeze kanthu. Zinagwedeza ndithu, ngakhale kochepera kudumpha, ndipo chodabwitsa n'choti akamapinda maondo sasemphana. Mapazi ali pathabwa nthawi yonse, choncho aliyense akumva zomwe mnzake akuchita kudzera m'zidendene, ndipo pakangopita kamphindi onse ali pamodzi ngati asilikali.

Kudumpha kunali kwina. Ng'oma ili pang'onopang'ono amasemphana, wina kutera mnzake akunyamuka, ndipo foni imaonetsa zosalongosoka. Titafika pa liwiro la kolasi ija, thabwa linayamba kuwaponya. Ndinagona chafufumimba pafupi ndi khoma kuti ndione mapazi. Mtsikana wina yemwe poyamba amatera ndi zala anayamba kutera ndi phazi lonse, maondo atapinda kwambiri, manja atatambasuka pang'ono ngati akuwoloka pa mtengo. Mnyamata wamtali amayesetsa kutsatira ng'oma koma thabwa limamufikira msanga, limakumana ndi phazi lake lisanakonzeke, iye n'kudzandira, kenako n'kusiya kumvera ng'oma n'kuyamba kumvera thabwa. Nditamufunsa anati, "Amalume, ng'oma ikunena zina, pansi pakunena zina, ndiye thupi likusankha pansi."

Apa ndi pomwe ndinamvetsa zomwe zinachitika Lamulungu lija. Si kuti anthu amangogwedeza khonde ayi. Khonde nalo limagwedeza anthu, limawaphunzitsa nthawi yoterera, ndipo amene amasemphana ndi anzake amavutika mpaka atalowa mumzere. Likayamba, limadzisonkhanitsira lokha ovina.

Tinayesanso china. Atatu akudumpha, atatu angoima chilili pakati. Kugwedera kunatsika moonekeratu pa foni. Oimawo atatsika n'kusiya atatu omwewo akudumpha, kunakweranso. Thupi la munthu woima limameza kugwedera, maondo ndi mnofu zimagwira ntchito ngati mashokabu a galimoto. Ndiye kuti khonde lodzaza ndi akuluakulu oima likhoza kuoneka lofatsa, n'kudzalusa tsiku lomwe pakwera achinyamata okhaokha ndipo palibe woima.

Ndi kukhala chete komwe kumachititsa mantha. Odumphawo amati akumva kukoma. Injiniya atakhala pa benchi pomwepo kwa masekondi ochepa anatsika, nati mutu wayamba kuzungulira.

7 mpaka 14 Okutobala

Ndalama zomwe zinalipo zimakwana matabwa okha, choncho tinayamba ndi kuwonjezera 15 a 2 by 8 pakati pa akale, kuti mpata ukhale masentimita 30. Ulendo uno ndinapita ndi tepi n'kuyeza limodzilimodzi, ogulitsa akundiyang'ana ngati wamisala. Mwa matabwa 40 ndinasankhamo 15, K11,500 lililonse, kuphatikiza K172,500. Misomali ya 4 ndi 5 inchi K21,000, mankhwala a chiswe K16,000, galimoto K12,000. Siling'i tinaichotsa, ndipo mabolodi atatu anasweka pochotsa.

Vuto linali lakuti matabwa akale anali atapindika kale pakati, atsopano ali owongoka, ndiye samalowa. Tinabwereka jeke ya lole n'kumakweza pang'onopang'ono, thabwa lililonse palokha. Pakati pa matabwa tinakhomeramo tizidutswa m'mizere iwiri kuti munthu akaponda limodzi, oyandikana nawo azithandiza.

Foni inati 6.1. Kolasi yothamanga ija inasiya kuligwira, ndipo ine ndinayamba kale kuwerengera za siling'i. Injiniya anauza wa kiyibodi kuti atsitse liwiro kufika pa 122. Kugwedera kunabwerera, kocheperako koma komveka, chifukwa kudumpha kawiri ndi pang'ono pa sekondi kuchulukitsa katatu ndi 6.1. Tinangosamutsa vuto kuchoka pa nyimbo ina kupita pa ina. Injiniya anati malamulo omangira a ku Britain amafuna kuti kugwedera kwa pansi povinirapo kusachepere maulendo 8.4 pa sekondi, kuti kudumpha kwa anthu kusapafikire ngakhale pa kuchulukitsa katatu. Matabwa okha pa mpata wa mamita 5.2 sitikanafikako.

22 Okutobala

Msonkhano wa komiti, maola atatu. Wina anati tingoletsa kudumpha pamwamba n'kulemba chikwangwani. Ndinayankha kuti amene akuganiza kuti chikwangwani chingaimitse achinyamata a ku Chilomoni kolasi itagwira, sanapitepo ku ovanaiti. Wina anati tiyale kapeti yokhuthala. Kapeti imaletsa phokoso la nsapato, thabwa la pansi pake silidziwa n'komwe kuti pali kapeti.

Injiniya sanalankhule zambiri. Anawauza za ukwati wa ku Jerusalem mu Meyi 2001, pomwe pansi pa holo ya m'mwamba panaboka anthu akuvina, 23 n'kufa. Ananenetsa kuti kumeneko vuto lenileni linali kamangidwe kosalimba, kuvina kunangotsiriza, ndipo n'chimodzimodzi ndi kwathu. Anagwirizana za chopereka chapadera cha masabata atatu.

Pulani: mtanda wachitsulo wooneka ngati chilembo I, wotchedwa IPE 200, kunsi kwa matabwa pakatikati, mamita onse 9, mbali ziwiri utalowa m'khoma, pakati nsanamira ziwiri zachitsulo zokhala ndi maziko akeake. Mpata ukadulidwa pakati, thabwa lomwelo limagwedera mofulumira kanayi. Mtengo womwe anatipatsa ku Limbe: K305,000 pa chitsulo chimodzi cha mamita 6, ndipo timafuna ziwiri.

9 Novembala

Kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Ndalama zinali zitakwana Lamulungu pa 5, koma osainira ku banki mmodzi anali kumaliro ku Thyolo. Nditafika ku Limbe pa 10, sitolo zina zinali zotseka akusintha mitengo, ndipo komwe anatipatsa mtengo anati pepala lija latha ntchito. Chitsulo chomwecho K440,000. Simenti yomwe ndimagula K13,000 inali K18,500.

Tinagula chimodzi cha mamita 6, ndipo cha mamita 3 tinachipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande pa K150,000. Injiniya anapita yekha kukachiona, anachipala dzimbiri n'kuyeza kukhuthala kwake asanavomere. Paipi ya 100 by 100 ya nsanamira K165,000, mapuleti ndi mabawuti K74,000.

18 mpaka 29 Novembala

Maziko amayenera kukhala masentimita 80 mbali zonse, kuzama 40. Dzenje loyamba linayenda bwino. Lachiwiri tinapeza dothi lothira, zidutswa za njerwa ndi mabotolo mpaka masentimita 90, kenako dothi lofiira lolimba. Zinadya matumba 7 a simenti m'malo mwa 4, ndi miyala ya kwale mawilibala ena asanu. Tinadikira masiku asanu ndi awiri tikuthirira.

Chitsulo cha mamita 6 chimalemera makilogalamu oposa 130, ndipo tinachikweza anthu asanu ndi atatu ndi zingwe ndi migolo. Cholumikizira tinachiika pamwamba pa nsanamira, osati pakati pa mpata. Wowotcherera atangoyamba magetsi anazima, jenereta yobwereka inalibe petulo, ndipo mwana yemwe tinamutuma ndi chigubu anabwera madzulo. Tsiku lathunthu linapita choncho. Wowotcherera K85,000, petulo K15,000.

Kulakwitsa kwanga kwina: ndinaganiza kuti matabwa onse 31 akhala okha pa chitsulo. Asanu ndi anayi anatsala m'malere, ena mpata wolowa chikhadabo, ena wolowa pensulo. Munthu akayenda pamwamba amagogoda pa chitsulo, kho kho kho, phokoso loopsa kuposa kugwedera komwe. Ndinacheka timatabwa ta mlombwa, awiriawiri osongoka moyang'anana, n'kukhomera pansi pa lililonse, kenako n'kumanga thabwa lililonse ku chitsulo ndi kachitsulo kopinda. Phunziro la polo ija: chochirikiza chizigwira popita pansi ndi pobwerera m'mwamba pomwe.

2 Disembala

Foni inati 15 ndi pang'ono. Tinakweza kwaya yonse, wa kiyibodi n'kuyenda nawo kuyambira 100 mpaka 160. Kapu ya madzi yomwe ndinaika pakati imangochita timizere pamwamba. Babu silinasunthe.

Vuto latsopano linatulukira potsika. Masitepe athu ndi achitsulo, ali ndi popumira pa miyendo inayi yaitali mamita awiri, ndipo kwaya imatsika ikuimba, phazi lamanzere onse pamodzi, lamanja onse pamodzi. Popumirapo panayamba kupita uku ndi uku, cham'mbali. Ndinaona zomwe ndinaona pa 23 Sepitembala koma mwa mtundu wina: aliyense anatalikitsa mapazi n'kumayenda ngati bakha, ndipo poti onse amadzitchinjiriza nthawi imodzi, amakankhira mbali imodzi nthawi imodzi. Ngakhale amene anasiya kuimba anali m'sitepe yomweyo.

Injiniya anaseka, nati tapanga London yathu. Mlatho wa anthu oyenda pansi wa Millennium, pa mtsinje wa Thames, unatsegulidwa pa 10 Juni 2000 n'kutsekedwa patangopita masiku awiri chifukwa cha zomwezi. Munthu akamayenda amakankhira kumanzere ndi kumanja pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo mlathowo ukangoyamba kusuntha, khamu limasintha mayendedwe mogwirizana nawo, kusunthako n'kumakula. Anautsegulanso mu Febuluwale 2002 ataikamo zida zomeza kugwedera. Ngati akatswiri a ku London zinawadutsa, ine wa ku Chilomoni ndinapezako mpumulo pang'ono.

Kwathu mankhwala anali otchipa. Ma angle iron awiri a 40 by 40, kuwotcherera mopingasa pakati pa miyendo mbali ziwiri, ndi mabawuti awiri omanga popumirapo ku khoma. K58,000 pamodzi ndi ntchito. Ndinaukankha ndi phewa, osasuntha.

10 Disembala

Khonde latsegulidwanso. Amayi anadikira nyimbo ziwiri asanabwerere kumabenchi akumbuyo, gogo uja ndiye anakhala dala pafupi ndi nsanamira, dzanja lili pa chitsulo mpaka chopereka chinatha.

Ndalama zonse zokonzera, kuphatikiza mapolo aja, simenti, miyala, penti ndi galimoto, zafika K1,480,000, kuposa zomwe khonde lenilenilo linadya pomanga. Wowotcherera tikadali naye ngongole ya K30,000. Siling'i sindinabwezeretse, ndipo sindibwezeretsa mpaka Febuluwale, chifukwa matabwa 15 atsopano aja anali asanaumitsitse ndipo akamauma adzachepa, timatabwa ta mlombwa tidzafunika kukhomeranso.

Dandaulo labwera kuchokera komwe sindimayembekezera. Mnyamata wamtali uja anandipeza panja akupukuta thukuta. "Amalume, khonde mwalipha. Kale limatithandiza kunyamuka, pano tikudumpha ndi mphamvu zathu, kolasi isanathe maondo atopa." Atsikana awiri kumbuyo kwake amavomereza. Wa kiyibodi watsitsa kolasi ija kufika pa 132 popanda womuuza.